Ana a Mbira ndi Chivomezi

Padangokhala Mbira ndi Nungu, anansi a m'phiri limodzi. Tsiku lina nyama zidasonkhana kuti zipangane kothawira kukagwa zoopsa. Za moto wolusa zidamvana, za madzi osefukira zidamvananso.

Nungu adadzutsa minga yake nati, "Nanga chivomezi, anzanga? Tilambule bwalo poyera, kutali ndi miyala, ana adziwiretu njira."

Mbira adaseka chikhakhali. "Inu a Nungu, mantha ndiwo adakumeretsani minga thupi lonse. Thanthwe lidagwedezekapo liti? Kuphanga kwanga ndiye kolimba." Nyama zidaseka naye, nkhani n'kufera pomwepo. Nungu adalambula yekha kabwalo kake.

Chaka chomwecho nthaka idanjenjemera dzuwa lili paliwombo. Nungu adathamangira poyera ndi ana ake. Mbira anali kutali kokadya msipu, ndipo ana ake adachita zomwe iye adawaphunzitsa: adathawira m'kati mwa phanga. Chimwala chidagubuduka n'kutseka pakhomo.

Mbira atabwerako, Nungu adabwera kudzakumba naye mpaka zikhadabo zidaperepeseka, osatchulako za msonkhano uja, koma chimwalacho sichidasunthe. Kwa Mbira, kukhala chete kumeneko kudawawa kuposa chitonzo.

Mpaka lero Mbira amakhala pamwamba pa mwala, n'kumaitana ana ake. Nthano yanga yagonera pamenepa.