Kavalo Adya Mfumukazi

Tiyi anali atazizira, koma maso a Kavalo sanachoke pa bolodi la tchesi limene linali patebulo la pabalaza. Dzinali anam'patsa ndi anzake chifukwa, monga kavalo wa pa tchesi, sankayenda molunjika pa chilichonse. Tchesi anaiyamba asanadziwe n'kumanga zingwe za nsapato komwe, ndipo inamulowa m'magazi. Ngakhale pokagula sopo ankayamba waganiza kaye zomwe wogulitsa anene, zomwe iye ayankhe, ndi kothawira zikavuta. Mtsikana wa m'nyumba imeneyi anamufunsira atawerengera miyezi isanu ndi itatu, mtsikanayo n'kungoti, "Ndinatopa n'kudikira."

Lero linali tsiku loonekera kwa makolo, ndipo Kavalo ankaopa. Bwenzi lakelo linali litamuchenjeza kuti bambo ndi ofewa, koma mayi akangoti ayi, zathera pomwepo.

Bambowo anakankhira pambali mulu wa makadi a ukwati wa mwana wawo wina, wamkulu, n'kuloza bolodi lija.

"Milungu itatu tsopano, achimwene, zandikanika. Vuto ndi uyu." Anagogoda mfumukazi yakuda pamutu.

Mantha onse anabalalika. Kani mayeso ake ndi a tchesi? Zidutswazo zinakhala modabwitsa ndithu: mabishopu awiri ataphathikana, asilikali ataunjikana pakona ngati akuothera dzuwa, pansi pa chilichonse pali kapepala. Kavalo anangoti ndi mmene amasewerera akatswiri akale. Anagwira chibwano, nawerengera kutsogolo kasanu monga mwa nthawi zonse. Akagonja dala, amuyesa chitsiru. Akapambana mwaulemu, amuyesa mwamuna woganiza.

"Bambo, paja lamulo mukulidziwa," anatero. "Chomwe wagwira umasuntha, ndipo chikasuntha sichibwerera."

"Lamulo labwino kwambiri limenelo," anavomera bambowo.

Kavalo ananyamula kavalo mnzake woyera, anam'dumphitsa, n'kudya mfumukazi ija. Anaiika panja pa bolodi, pafupi ndi mbale ya shuga.

"Basi. Ameneyu akangochoka, aliyense apuma."

Bambowo anayang'ana kukhomo, kenako anamugwira dzanja ndi manja awiri, misozi ili lengelenge. "Zaka makumi atatu, achimwene," ananong'ona. "Zaka makumi atatu ndikudikira munthu woti anene zimenezi m'nyumba muno."

Kavalo anakhala mwa tambwali, mwendo wina pamwamba pa unzake. Mkazi anali atapeza, ndipo mumtima anayamba kale kusankha mtundu wa suti.

Apo mayi a mtsikanayo analowa ndi tiyi wina wotentha. Anayang'ana bolodi, anayang'ana mbale ya shuga, ndipo anatula thireyi pang'onopang'ono.

"Milungu itatu tikukonzera pabolodipa malo okhala alendo paukwati," anatero. "Ndani watulutsa amayi anga muholo?"

Bambowo analoza Kavalo mosazengereza. "Ndi mkamwini wanuyu. Ndipo akuti chikasuntha sichibwerera."