Botolo Linatsala Pakhomo

Panali munthu wina, telala, amene anzake ankangomutcha Achangu chifukwa zake zonse zinali za phuma. Bambo ake anali okalamba, maso atachita ng'ala, ndipo dokotala wa maso ankabwera mwa apo ndi apo kuchipatala cha mumzinda. Ukamuphonya, udikire miyezi. Tsiku lawo linagwera m'nyengo ija phula limachita kufewa mumsewu.

M'mawa mkazi wake anadzaza botolo lalikulu la madzi.

"Tengani ili, apongozi azimwa m'njira."

"Iwe, ukufuna andichititsenso manyazi? Ulendo watha uja ankangoimitsa basi kuti akataye madzi, anthu mpaka kumatiseka. Lero samwa kanthu mpaka tikafike."

"Ndi dzuwa limeneli? Nanga chijekete mwawavekachi?"

"Ndasoka ndekha. Akaoneke bwino pamaso pa adokotala."

Mkaziyo analankhula mpaka kutopa, koma mwamuna wake anali nkhutukumve. Botolo linatsala pakhomo.

Basi inali yodzaza, ndipo iwo anapeza mpando wa mbali ya dzuwa, zenera lake losatseguka. Dzuwa litafika paliwombo, mkuluyo ananong'ona, "Mwanawe, kukhosi kwauma."

"Pirirani, bambo, tatsala pang'ono."

Mayi wina wa pampando wakumbuyo anapereka botolo lake. "Apatseniko agogowa."

"Zikomo amayi, samwa akakhala pa ulendo," anatero Achangu.

Samwa akakhala pa ulendo! Mwana wobereka yekha kumuyankhira kholo chonchi, kholo lili pomwepo milomo itauma gwa. Zinthu zina zimapsetsa mtima ndithu.

Patapita nthawi mkuluyo anasiya kutuluka thukuta. Achangu anaganiza kuti thupi lazolowera, osadziwa kuti pamenepo ndiye zavuta. Atawagwira pamphumi, anapeza patentha ngati simbi ya mushopu yake. Mkuluyo anayamba kuitana mkazi wake amene anamwalira kalekale, kenako mutu unagwera pambali, zii.

"Adalaivala, imani! Bambo anga!"

Basi inaima. Anthu anawatulutsira pamthunzi, anawavula jekete lija, ena kuwathira madzi thupi lonse, ena kuwakupiza ndi makatoni. Achangu anafuna kuwamwetsa, koma mayi uja anamukankha dzanja.

"Panopa ndiye mukufuna amwe? Akomoka, atsamwa! Tiyeni kuchipatala!"

Basi yonse, anthu ndi katundu wawo, inasiya njira yake n'kukhotera kuchipatala chapafupi. Munthu amene ankaopa kuimitsa basi kanthawi kochepa anachedwetsa aliyense tsiku lonse.

Mkuluyo anapulumuka, koma anagonekedwa ali pa dilipi, ndipo dokotala wa maso uja anabwera n'kupita. Atatsitsimuka anapapasa pabedi mpaka anapeza dzanja la mwana wake.

"Mwanawe, lero sindinaimitse basi, eti? Sindinakuchititse manyazi?"

Achangu anangofumbata jekete lija, misozi ili chuchuchu.

Phunziro: Kukatentha, madzi si katundu wosiya pakhomo. Imwani pafupipafupi, valani zopepuka, ndipo okalamba ndi ana musawamane madzi poopa kuimitsa galimoto. Munthu akatentha thupi n'kuyamba kubwebweta, muikeni pamthunzi, muthireni madzi, thamangirani naye kuchipatala. Manyazi sanaphepo munthu, koma dzuwa limapha. Musaisunge nokha nkhaniyi, itumizeni kwa abale ndi anzanu amene ali ndi ulendo.