Mfuko Ataleka Kukumba Bawo

Padangotero, inu vomerani kuti tili tonse.

Kwathu kuseri kwa phiri, nyama zinkasewera bawo yapansi pamthunzi wa mkuyu. Wapampando anali Nyani, koma wokumba maenje anali Mfuko. Mvula ikakwirira bawo, Nyani ankangokuwa kuti, "Kamfuko iwe, changu!" Mfuko sanasewerepo n'kamodzi komwe, chifukwa pomaliza kukumba ankakhala atatheratu.

Tsiku lina zikhadabo zitayamba kuchucha magazi, Mfuko anati, "Akuluakulu, ine basi, ndatopa."

"Kukumba n'chiyaninso?" anatero Nyani. Anapalasa yekha, maenje n'kutuluka opapatiza, akuya ngati una.

Nungu anaimika minga nati, "A Nyani, sewerani ndi a Mfuko pabawo yanuyi. Wopambana atenge mpando."

Masewera atayamba, Nyani anapisa dzanja m'dzenje nafumbata nkhomo zonse zosewerera. Dzanja linakanirira momwemo, koma kufumbatula anakana. Anakoka, anatukwana, mpaka nyama zinamugamula kuti wagonja. Nthungululu zinamveka mpaka kudambo!

Lamulo loyamba la Mfuko linali lakuti wogonja azikumba bawo ya mawa. Atatero anakagona, n'kuliza mkonono tsiku lonse.

Yathera pompa, kaphuleni mbatata isanapserere.