Mlendo Wotsala M'galimoto

Galimoto ya alendo inaima pamsewu, chapatali ndi chigafa cha fodya pomwe Esau anandandalika mipando inayi yobwereka kutchalitchi. Linali Lachiwiri, pa 15 Novembala 2011, mvula isanagwe ku Lukwa.

Anatsika atatu: mzimayi wachizungu, bambo wa kudziko lina la mu Africa, ndi Emmie, mtsikana womasulira. Anatumidwa ndi bungwe lakunja lofufuza za anthu amene anawomberedwa pa zionetsero za pa 20 Julaye. Esau anavutika miyezi itatu, kudzera kwa abusa, kuti alendowa afike. Anangomupatsa ola limodzi.

Mlamu wake Yobe anafa tsiku limenelo. Anapita ku Lilongwe ndi mkazi wake Idah, mlongo wa Esau, kukalondola mabelo awo a fodya amene anakanidwa kawiri ku okushoni. Atapeza anthu akuguba analowa nawo pamzere, m'manja mulibe ngakhale mwala. Idah anaona zonse. Popanda mawu ake, imfa ya Yobe ikanangokhala mphekesera ya kumudzi.

Alendo atakhala, mpando umodzi unatsala. Esau anaona kuti m'galimoto muli munthu wina wa malaya oyera, dzuwa likumuwotcha.

"Asiyeni, bambo," anatero Emmie. "Ndi a boma, ongotiperekeza. Sitiloledwa kuyenda tokha m'midzi."

"Mwana wanga, kuno mlendo sadyera fumbi pamsewu anzake ali pamthunzi," anayankha Esau. "Tikatero, anthu angati pakhomo pano palibe wamkulu."

Anapita yekha kukamutenga. Munthuyo anayamba wakana, kenako anatsika, ndipo Esau anamupatsa mpando wokhawo wokhala ndi khushoni. Alendo awiri aja anayang'anizana, koma sanafune kunyoza mwini khomo.

Idah anatuluka ndi beseni ndi jagi. Usiku wonse wa Lolemba anali akubwereza nkhani yake kwa Esau, osaphonya msewu kapena nthawi. Tsopano anagwada n'kuthira madzi m'manja mwa mlendo aliyense, kuti adye chinangwa chophika. Pa wotsiriza uja madzi anasefukira pansi. Idah anapepesa, n'kukakhala pamphasa.

Mzungu anaika kachipangizo kojambulira mawu patebulo. Anafunsa dzina, zaka, mudzi. Idah anayankha zonsezo. Kenako anafunsa zimene zinachitika pa 20 Julaye.

"Sindinaone bwino," anatero Idah. "Kunali utsi."

Anamufunsa ngati Yobe anali ndi chida, ngati panali chenjezo, ngati wowomberayo anavala yunifolomu. Idah ankangopinda ndi kupindanso nsonga ya chitenje. Mwina. Sakukumbuka. Anthu anali ambiri.

Esau anaona kuti mlongo wake akuzemba mafunsowo. Chifukwa chake ankachidziwa, ndipo mudzi wonse unkachinena kale. Chaka chimenecho mayiko akunja anali ataimitsa thandizo lina ku boma, ndipo m'mudzimo makuponi a feteleza anabwera ochepa. Esau anagawana thumba limodzi ndi mabanja ena atatu. Ankati akunja akwapula boma, koma mkwapulo wagwera m'munda mwake. Idah yekha ndiye analandira kuponi yathunthu. A komiti yogawa makuponi anati n'chifukwa cha umasiye. Kuchitsime ankati boma lamumata pakamwa ndi matumba awiri. Esau anakangana ndi anthu pomuikira kumbuyo mlongo wakeyo. Matumbawo anali pomwepo, pakona pa chigafa, ataphimbidwa ndi lona.

"Iwe Idah, nena zimene unandiuza dzulo," anatero.

Emmie anamupempha mwaulemu kuti asathandize mboni. Munthu wa malaya oyera anali akudya chinangwa pang'onopang'ono, maso ali ku nazale ya fodya, ngati nkhaniyi sikumukhudza.

Mzungu anazimitsa kachipangizo kaja ola lisanathe. Anati akumvetsa, anapereka chipepeso, ndipo anafotokoza kuti lipoti lawo limalandira umboni wa amene anaona ndi maso okha. Mawa lake anali kupita ku Mzuzu, Loweruka kukwera ndege. Wa malaya oyera anathokoza Esau chifukwa cha ulemu wake, n'kufunsa ngati mayiwa amakhala okha pakhomopo. Esau anamulozera nyumba ya Idah ndi ya iye mwini, kuti aone kuti wamasiyeyo sanatayidwe.

Fumbi la galimoto litatha, Esau anakankha thumba la feteleza ndi phazi.

"Miyezi itatu ndikupempha anthu achoke kutsidya kwa nyanja. Wamugulitsa mwamuna wako ndi matumba awiri awa? Chimanga chake udzachimeza bwanji?"

Idah anatola beseni n'kukhuthula madzi otsala patsinde pa mtengo wa mango.

"Achimwene, nkhope ya amene anawombera sindinaione, inali m'chipewa chachitsulo. Ndinaona dzanja lokha, pamene ankandikoka kundichotsa pa mwamuna wanga. Lili ndi chipsera cha moto, kuchokera pa chala chachikulu mpaka pamkono."

Anayang'ana mpando wa khushoni uja.

"Lero ndalithira madzi. Ndipo inu mwalilozera khomo langa."