Kathovu ka Bambo Laxon

Kathovu kanabwerera tsiku lomwelo limene lole inabwera kudzawasamutsa pakomboni ya antchito a pafamu.

Bambo Laxon anali atagwada kuseri kwa balani la fodya, sekisitanti ili padiso. Chinali chipangizo chakale cha oyendetsa ndege, choyezera dzuwa kuti munthu adziwe pamene ali. Anachitola m'shedi mzungu wa famuyo atachoka. Madzi ake, momwe munkakhala kathovu koyezera, anali ataphwa kalekale, ndiye iwo anathiramo palafini ndi jakisoni, timagalasi n'kupukuta ndi nthenga ya nkhuku. Tsopano ankapotoza kasikulu pang'onopang'ono, mpaka kathovu kaja kanakhazikika ndendende pamzere wa makala umene anaulemba pakhoma.

"Baba, dalaivala watopa kudikira," anatero mwana wawo Keziya, mphasa ili pamutu. "Mwini famu watsopanoyu wanenetsa kuti tizipita kwathu."

"Kwathu kuti?"

"Kaya, ku Dedza, kwa asekuru, bambo anu aja. Si paja munkati chinthu chanucho chimadziwa njira?"

Dedzayo inali kudziko lina, ndipo Bambo Laxon ankangoimva m'nyimbo za malemu bambo awo. Anakweza chipangizocho, dzuwa lili paliwombo, nalilowetsa pakati pa kathovu. Manambalawo anawawerenga kawiri.

"Chikuti bwanji?"

"Ichi sichiloza kopita, mwanawe. Chimangonena pamene munthu ali." Maso awo anagwera pamtengo wa mango, pamene mayi awo anakwirira mchombo wawo. "Chikuti pompano, pa Banket. Ndipo sichinalakwe ngakhale pang'ono."

Kumsewu lole inalizanso hutala.