Kamlonda ka M'bere

Dokotala ataloza kachotupa pachithunzi cha bere lake, mkazi wa mlonda anacheukira mwamuna wake, yemwe anabwera ndi yunifolomu, chipewa chili pabondo.

"Mayi, chotupachi chimakula ndi mahomoni anu omwe," anatero dokotala. "M'maselo muli kapuloteni kena, kamlonda kamene kamanunkhiza adani n'kuitana chitetezo cha thupi. Tikuganiza kuti mwa inu kamlondako kakutsegulira chotupachi geti."

Bamboyo anadzambatuka, chipewa n'kugwa pansi.

"Mlonda kutsegulira wakuba? Adokotala, ameneyo ndiye wotichititsa manyazi. Mumuchotse ntchito lero lomwe!"

Mayiyo anaseka mpaka misozi, kwa nthawi yoyamba chimupimireni. Anamukoka lamba mwamuna wake.

"Khalani pansi amuna anga, mumenyana ndi kanthu kosaoneka ndi maso?"

Dokotala anatulutsa mapiritsi oletsa mahomoni, oti azimwa tsiku lililonse osadumphitsa. Mayiyo asanatambasule dzanja, mwamuna wake anali atawalanda kale, n'kuwaika m'thumba la pachifuwa momwe amasunga makiyi.

"Kuyambira lero, pageti limeneli ndikhalapo ndine," anatero. Anayesa kumanga batani la thumbalo, koma linkakana kulowa.

Mayiyo anamumangira yekha.