Ababa Ali pa Zobiriwira

Foni yanga inalira Amayi akuthira kapu yachiwiri ya khofi. Ndinaimirira n'kuvala nsapato.

"Ukupita osamwa yachitatu, ya madalitso?" anafunsa Ababa, bambo anga. Mawa lake anali oti akagonekedwa kuchipatala.

Ndinawapatsa foniyo kuti aone mmene imandisanjira ntchito. Zofiira, pamwamba, n'zosadikira: msonkhano wa ku Bole, lipoti la abwana. Zachikasu n'zamawa. Zobiriwira n'zochita ndikapeza mpata.

Anaiyandikitsa kumaso, n'kutsika ndi chala mpaka pansi penipeni. Anadzipeza okha: "Kukaona Ababa."

"Tiruwork," anatero Ababa poitana Amayi, "mwana wanuyu wandiika pa zobiriwira."

Ndinasowa poyang'ana.

Amayi anatapa khofi wosakazinga m'mbale, wobiriwira, n'kuwaonetsa. "Nanga walakwa pati? Inunso ndinu ouma chonchi. Mumafuna munthu akhale pansi, akukazingeni pang'onopang'ono."

Ababa anaseka mpaka kutsokomola. Chifuwacho chinatenga nthawi kuti chileke, ndipo tonse tinkachimvetsera.

Ndinavula nsapato n'kubwerera pampando wanga. Amayi anabwezera mphika wa khofi pamakala.

Foni inaliranso m'manja mwa Ababa. Ananyamuka pang'ono, n'kuikhalira.